Mkamwini Amene Anakana Madzi a Apongozi

Anabwera nthawi ya dzuwa, udzu wa kudambo utapsa kale, ife tikutunga mochita kugwada chifukwa chitsime chinali chitatsika. Anali awiri, mzungu wovala kabudula ndi munthu wakuda mnzathu wa zaumoyo amene ananyamula kabokosi ka mabotolo. Galimoto anaisiya kumsewu wa ku Namitete nayenda wapansi mpaka pachitsime pathu. Sanapemphe madzi akumwa ngati alendo ena onse. Mnzathuyo anamangirira botolo kunsonga ya ndodo, nalimiza, nalitseka msangamsanga, kenaka nalibisa m'bokosi muja. Mzunguyo anangoyang'ana ndowe za ng'ombe zomwe zinali mbwee m'mbali mwa chitsime, napukusa mutu, basi ulendo.

Tinatsala chilili, mitsuko ili pansi. Amayi anga ndiwo anayamba kulankhula, poti chitsimecho chinali chawo. Anakumbitsa ndi amayi awo, ndipo chaka chilichonse ndiwo ankaitana akazi kudzachikapa.

"Munthu wotapa dothi pamene waponda timadziwa chimene akufuna," anatero. "Nanga wotapa madzi?"

Musatiseke. Zaka zimenezo chitaganya chinali chitangolowa, ndipo chilichonse chochokera kuboma tinkayamba tachinunkhiza. Akapitawo a malimidwe anali atatizunza kale, anthu akumangidwa chifukwa cha mizere ya m'munda mwawo momwe. Kumsika kunkamveka zoti m'shuga akuthiramo mankhwala oti akazi tisabereke, dziko litsale la iwo. Kaya zinali zoona, kaya zabodza, shugayo ife tinkangomumvera m'makutu. Koma madzi ndiye tinkamwa tonse.

Patapita nthawi mesenjala anabwera ndi uthenga. Akuti madzi athu awapima ndipo awapeza ndi matenda, choncho mudzi utumize mwamuna mmodzi ku Lilongwe akaphunzire kusamala zitsime. Chakudya ndi pogona zonse za boma.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali oyang'anira mbumba yathu. Atamva za chakudyacho anaseka chikhakhali.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero. "Boma linayamba liti kudyetsa munthu ulere? Aja anakwera malole nthawi ya nkhondo sanawauzenso kuti kuli nyama ndi mabulangete?"

Kukana kunali kovuta, poti boma silikanidwa pamaso. Kutumiza mwana wa pamudzi kunalinso kovuta. Maso onse anagwera amuna anga.

Amuna anga anali a cha ku Kabudula, ndipo kwathu anali pachikamwini. Nyumba anamanga okha, fodya ankalima okha, munda wa amayi ankalimanso okha, koma mawu pamudzipo analibe. Tinali titaika kale mwana mmodzi, wamwamuna, wachisamba. Anatsekula m'mimba mvula itangoyamba, liwombo linalowa, ndipo tinakafika naye kuchipatala cha amishoni zinthu zitatha kale. Pamaliropo anthu ananong'ona kuti ndi tsempho, kuti bambo wake anayenda njira zosayenera mwana ali wakhanda. Palibe anawauza pamaso, koma iwo anamva. Inenso ndinamva, ndipo sindinawafunse. Nthawi ya mabotoloyi n'kuti ndili ndi wachiwiri kumbuyo, wamkazi, atangoyamba phala.

Ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinapita kwa atsibweni osagwada n'komwe bwino.

"Alongo anga alipo awa, angokhalira bawo. Miyendo alibe kodi?"

"Khala pansi, iwe," anatero atsibweni. "Akapita akabwera. Akapanda kubwera, amuna sanathe."

Ndinabwerera kunyumba ndikuti ndikawauze amuna anga athawire kwawo mpaka nkhaniyi izizire. Ndinawapeza akusoka thumba loti anyamulire zovala.

"Ndipita, amake mwana," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Masabata amene anakhala kumeneko ndinaonda. Akazi anzanga pachitsime ankandipepesa ngati namfedwa. Wina anati akawapopa magazi, wina anati akawatumiza kumigodi, wina anati akabwera ali bwinobwino koma sadzaberekanso. Tsiku limene anatulukira, mitambo itayamba kusonkhana, ndinawalandira katundu ndikuwayang'ana ndi diso la nkhwezule. Anabwera ndi ndowa yatsopano, chingwe, ndi masaya onenepa. Nditawapatsa madzi osamba ndinapeza chifukwa cholowera kubafa kuti ndione ngati pamkono pali zipsera za jakisoni. Panalibe, koma mtima sunakhale pansi. Ndinkadziwa kuti mankhwala ena salowera pakhungu.

Anandifotokozera zonse tili pakhonde, ine ndikusenda mtedza wambewu. Akuti anali amuna ochokera m'midzi yambiri, ena a ku Nsaru, ena a ku Mpingu. Ankawatengera kumitsinje ndi kuzitsime kukaona mmene mvula imakokolera zonyansa za kutchire ndi za ng'ombe n'kukazithira momwe anthu amatunga. Ndiye panali galasi lokuza zinthu. Anadonthezapo madzi a m'botolo lochokera kwathu, iwo n'kusuzumira.

"Amake mwana, muli tizilombo. Tikuyenda. Ndinaona ndi maso angawa."

"Botolo anatenga ndi iwo," ndinatero. "Anasunga ndi iwo, anatsekula ndi iwo. Mukudziwa bwanji kuti tizilomboto sanatiikemo okha?"

"Tsiku lina tinakatunga tokha padambo, ndi manja athu. Tinapezamonso."

"Nanga galasilo ndi la ndani?"

Ine ndinakondwa kuti ndawagwira. Kenaka analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Mwana wathu uja anapita ndi madzi. Zizindikiro zonse anazitchula kumeneko, ngati kuti analipo. Si zija ankanena anthu zija."

Apa ndiye ndinawakayikira zenizeni. Ndinati mumtima, ehe, n'chifukwa chake nkhani ya tizilomboyi yawakomera, ikuwasambitsa. Munthu amene wakhala akunong'onedwa nthawi yonseyi, wina akamuuza kuti wolakwa si iwe koma chitsime, angakane? Ndipo chitsimecho chinali cha amayi anga. Mlandu akauchotsa pamutu pawo, unali kukatera pamutu pa yemwe anandibala.

Zimene anaphunzira sizinali zovuta kumva. Chitsime achimangire mpanda ng'ombe zisafike. Pakamwa pake akwezepo ndi miyala ndi dothi kuti madzi a mvula asamalowe. Aliyense asamamize chikho chake chimene wangochiika pansi, koma pakhale ndowa imodzi yopachika pamtengo. Nsanza za ana azikachapira kumunsi. Madzi a ana aziwiritsa. Koma a bomawo, pofuna mwamuna, anaiwala kufunsa kuti amatunga madzi ndani. Ndipo atsibweni, potumiza mkamwini, anatumiza munthu yekhayo pamudzi amene sakanatha kulankhula ndi mwini chitsime.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana pamaso. Mwambo wowamasula unali usanachitike. Ndiye sukulu ya amuna anga inkachitika chonchi. Amayi akakhala pamtondo, iwo ankaima kuseri kwa nkhokwe, ine pakati ngati mbuzi yogulitsa.

"Amake mwana, muwauze amayi kuti zikho zoika pansi zija ndizo zikudetsa madzi."

Amayi amva kale, poti nkhokwe si phiri. Koma ankadikira ine.

"Amayi, akuti ndowa ija abwera nayo n'njabwino kutungira."

"Uwauze atate ake a mwana kuti ndowa ya boma akatungire kwawo ku Kabudula. Chikho ichi chalera iwe ndi alongo ako onse."

"Akuti amva, aganizira," ndinkatero ine, ndikuyang'ana kunkhokwe.

Onse awiri ankamva kuti ndikudula mawu, ndipo onse awiri ankandikwiyira. Amuna a pamudzi nawo ankangowaseka. Ankawaitana kuti adokotala, n'kumawafunsa ngati m'mowa mulinso tizilombo. Tsiku lina anadula mitengo yoti amangire mpanda uja naiunjika pafupi ndi chitsime. Akazi anaiotcha yonse, nati nkhuni zabwera zokha. Ena ankati munthu ameneyu akufuna mpanda kuti azithira mankhwala a boma mosaoneka. Atsibweni anangondiitana nati, "Ukawauze amuna ako kuti mkamwini asamakule mwendo."

M'nyumba mwathu mokha ndimo anapambana, ndipo anapambana chifukwa chopempha, osati kulamula. Ndinayamba kuwiritsa madzi akumwa, ndikudandaula nkhuni, ndikudandaula fungo la utsi. Anzanga akadutsa n'kuona mphika ukubwata wopanda kanthu ankati, "Lero ndiwo ndi madzi, eti?" Ndinkawayankha kuti ndikufuna kusambitsa mwana. Sindinkakhulupirira za tizilombozo. Ndinkangoti bola m'nyumba mukhale mtendere, poti kunja kunalibe.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, ndipo nthawi yopalira inakwana. Chitsime chinadzaza mpaka pakamwa, madzi ake ofiirira ngati a mumphika watsopano. Tsiku lina amuna anga ankapalira m'munda mwa amayi, dzuwa lija limatentha pakati pa mvula likuwamenya pamsana. Amayi anawamvera chisoni. Ndinene zoona, amayi sankawada mkamwini wawoyo, poti khasu lake ankaliona. Anatunga madzi mumtsuko wawo, m'chikho chawo chomwera, nandipatsa.

"Kawapatse atate ake a mwana, angakomoke."

Ndinapita, ndinagwada pamzere, ndinapereka. Iwo analandira, nayang'ana m'chikhomo monga anazolowera chibwerere ku Lilongwe.

"Awa ndi a mumtsuko uti?"

"A kwa amayi. Imwani, akuona."

Thukuta linali kuyenderera mpaka m'chibwano, milomo itauma gwa. Anaika chikhocho pansi pakati pa mizere, mosamala, nati alibe ludzu, nagwiranso khasu. Ndinafuna kuchigunda ndi phazi kuti madzi atayike ndikanene kuti amwa, koma amayi anali ataima kale kumapeto kwa munda. Anabwera okha, osasamala za kuthawana, natola chikho chili chodzaza. Sanayang'ane mkamwini. Analankhula moyang'ana kumwamba, mokweza, kuti a m'minda yoyandikana amve.

"Ndakhala mfiti ine tsopano. Mdzukulu ndinadya, lero ndikufuna kudya bambo wake."

Kwathu munthu sakana madzi. Chakudya ukhoza kunena kuti wakhuta, koma madzi opatsidwa ndi munthu, iwe uli pa dzuwa, ukawakana ndiye kuti wanena kuti muli mankhwala. Palibe tanthauzo lina. Ndinawakalipira amuna anga pomwepo, ndikulira ndi ukali. Ndinati kapu imodzi ya madzi ikanakuphani? Ndinati azungu anuwo adzakupatsani mkazi ndi munda? Iwo anangoti, "Ndikamwa ine, mawa ampatsa mwana." Ndinawasiya m'mundamo ndi khasu lawo.

Ankhoswe anakumana m'mawa wina pakhonde pa atsibweni. Wa kuchimuna anachita kupalasa njinga kuchokera ku Kabudula, matope mpaka m'mawondo. Amayi anakhala chammbali atafunda nsalu kumutu, atafulatira mkamwini wawo. Ine ndinakhala pafupi nawo mwana ali pamiyendo. Pakati anaikapo mtsuko wa amayi ndi chikho chija.

Nkhani sinatalike. Amuna anga anayesa kufotokoza za galasi lija, koma nkhoswe yawo yomwe inawadula.

"Zimenezo n'za ku Lilongwe, achimwene. Pano tabwerera madzi amene munakana."

Atsibweni anagamula. Amwe pamaso pa onse, madzi a mumtsuko womwewo, kuti dzina la mlongo wawo liyere. Akakana, anyamule mphasa ndi khasu lawo, mwana ndi mkazi atsale.

Ndinkawafuna amuna amenewa. Ndinkawakayikira, ndinkawakalipira, koma ndinkawafuna, ndipo ndinadziwa zimenezi bwinobwino pamene atsibweni anatchula mphasa. Chikho chinayenda kuchoka kwa atsibweni kupita kwa nkhoswe ya kuchimuna, kenaka m'manja mwawo. Anayang'anamo. Anayang'ana ine. Ine ndinawatulutsira maso kuti asayerekeze kukana. Anamwa onse, osapumira, mpaka chikho chinaloza kumwamba.

Anthu anapuma. Nkhoswe inaomba m'manja, atsibweni anati zatha, wina anayamba kale kufunsa za fodya wa chaka chino. Amayi anavula nsalu kumutu, nkhope itamasuka, misozi ili m'maso. Anatenga chikho chija natunganso mumtsuko, natembenukira kwa ine akumwetulira.

"Bwera naye mdzukulu wanga, nayenso amwe kwa agogo ake, nkhani ithe."

Mwanayo anatambasula timanja, poti ankawakonda agogo akewo. Chikho chinafika pafupi ndi pakamwa pake. Ndinaona madzi ofiirira aja, kaudzu kakuyandama pamwamba. Sindinaone kachilombo kalikonse. Koma inali nyengo yomweyo, mvula yomweyo, ndipo mwanayu anali pamsinkhu womwewo umene mkulu wake anapitira. Dzanja langa linapita lokha. Linatseka pakamwa pa chikho, ndipo mwana ndinamutembenuzira pachifuwa.

Madzi anadontha pang'ono pansalu ya amayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chikho chili m'manja.

"Iwenso?"

Ndinafuna kunena kuti mwana ali ndi chifuwa, kuti wangomwa kumene, chilichonse. Dzanja lija sindinalichotse.

Mkamwini akanyoza apongozi amapirikitsidwa, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma mwana wobala wekha umupirikitsira kuti? Atsibweni anapeza njira. Anati popeza banjali lili ndi madzi akeake, ndi bwino likamwere kwawo kwa mwamuna. Chitengwa, chimene amuna ena amachipempha zaka ndi zaka, ife anatipatsa tisanapemphe. Anatilola kudikira mpaka tikolole. Miyezi imeneyo ndinkatunga pachitsime chomwecho, akazi akusiya nkhani ndikafika. Amayi ankandiyankha moni, koma mbale yochokera kunyumba kwawo sinalowenso m'nyumba mwanga, ndipo yanga inkabwerera momwe yapitira.

Anthu amandifunsa ngati ndinakhulupirira. Mpaka lero sindinasuzumirepo m'galasi lotero, ndipo ndikamva kuti boma labwera ndi chithandizo ndimayamba ndafunsa kuti likufuna chiyani. Za tsempho zija sindinawafunse amuna anga mpaka anamwalira. Mwina anali madzi, mwina sanali madzi. Chimene ndinkadziwa tsiku lija n'chakuti amayi akalakwiridwa adzakhalabe moyo, koma ine manda aang'ono ndinali nditawaona kale.

Tinanyamuka m'mawa, chimanga chili pangolo ya ng'ombe imene abale a amuna anga anabwera nayo. Sindinkayembekeza kuti amayi atuluka. Anatuluka, nandilanda mwana, nam'bereka okha. Anatiperekeza kudutsa m'minda, amuna anga ali patsogolo patali monga mwa mwambo, ine pambuyo pa amayi ndikuyang'ana timiyendo ta mwana tikulendewera m'chiuno mwawo. Pamalire a mudzi anaima, namasula nsalu, nandipatsa mwanayo. Anamupukuta kumaso ndi chala chawo.

"Uzimupatsa madzi akowo, akule," anatero. "Koma akadzayamba kumva, udzamuuze kuti agogo ake sanali mfiti."

Anatembenuka nabwerera, nsalu yoberekera ili m'manja. Ngolo inali itafika kale patali, ndipo ndinachita kuithamangira mwana akulira kumbuyo.